Dzina la Amake Jemima

A Mizeck Mtonga anali mkulu wa mpingo ku Kapichila, ndipo pa nkhani ya pemphero panalibe wowaposa. Akati agwade, ngakhale mbuzi za panja pa tchalitchi zinkaleka kutafuna. Koma umphawi, abale, unawakonda bambowa ngati mwana wake wachisamba. Jekete anali nayo imodzi, ya salaula, yogula pa kaunjika, yowala pa zigongono kuposa galasi la njinga. Chilala cha 1992 chitadutsa, feteleza ankangomuonera pa ngolo za anzawo.

Chimene chinkawabaya mtima ndi a John Zimba, mkulu mnzawo, mwini chigayo. A John popemphera ankakoka, "A-a-atate, ta-ta-tabwera," mpaka ana kugona, koma abusa akabwera ankafikira kwa iwo, pa mpando wa khushoni.

"Ine ndipemphere mpaka mawu kusasa, nkhuku ndi abusa adye wina," ankadandaula a Mizeck.

"Atate ake Jemima, ukulu wa mpingo si khushoni," ankayankha akazi awo. Mayiwa dzina lawo anali Tryphena, koma chibadwire mwana wawo Jemima, zaka makumi awiri, amuna awo sanawaitanepo ndi dzinalo. Kuno mkazi akabereka ndi amake mwana, basi.

Lachiwiri lina a Mizeck ananama kuti akukaona odwala ku Chikomeni, napalasa njinga yobwereka mpaka m'mphepete mwa nkhalango ya Lukusuzi, kwa sing'anga wotchedwa Friday. Anampeza dzuwa lili paliwombo, akusenda mtedza.

"Monile, adada," anatero Friday. "Akulu a mpingo amafika pano chipewa chili m'mphuno. Inu nkhope poyera. Ndiye kuti zakupwetekani."

"Ndikufuna fodya wanga azichita bwino, basi. Koma za magazi ayi. Ndine Mkhristu."

"Ndani watchula magazi?" Friday anatulutsa kanyanga kofanana ndi chala. "Aka sikadya nkhuku, sikadya mbuzi. Kamadya maina. Mukakasokere m'thumba la jekete yanu ya kutchalitchi. Chaka chilichonse, fodya asanalowe m'chigafa, mugwire munthu pamutu, mumupempherere momutchula dzina lake lenileni. Mulungu wanu amva, nako kamva."

"Nanga munthuyo zimuthera bwanji?"

"Inu ntchito yanu ndi ameni. Zotsalazo si zanu. Chinthu chimodzi: pano sitilandira katundu wobweza."

Pobwerera a Mizeck anadzitonthoza njira yonse. Nkhalamba zoyembekeza ulendo zilipo zambiri, kodi kuzitsegulira chitseko ndi tchimo? Chaka chimenecho anapempherera agogo Steward, amene anali atagona pamphasa miyezi isanu. Tsiku lachitatu anamwalira, ndipo palibe anadabwa. Koma fodya wake! Tsamba limodzi banja lonse kubisalamo mvula, malo n'kutsala a mlendo.

Chaka chachiwiri nkhalamba zonse zinachita ngati zapangana, zinali gwa. Anapempherera mai Linah a m'kwaya, amene ankangodandaula dzino. Tsiku lachitatu, maliro. Nyumba inafoleredwa malata, chigayo chinabwera cholira kuposa cha a John. Chaka chachitatu anali mphunzitsi wochokera ku Chipata, wachimfine wamba. Tsiku lachitatu, maliro. Pakhomo panaima galimoto, ndipo abusa a Haswell anayamba kufikira kwa a Mtonga. Jekete yokha sinasinthe.

Anthu a ku Kapichila sukulu mwina anailekera panjira, koma maliro amadziwa kuwerenga. Wodwala malungo, woti dzulo ankamutembenuza, akangomva galimoto ya a Mtonga ankadumpha, khasu m'manja, "Ndachira, adada, ndachiriratu, pitirirani!" Amayi ankabisa ana m'nkhokwe. Chaka chachinayi fodya anayamba kupsa m'munda, mutu woti augwire kulibe, ndipo kanyanga kanayamba kukanda m'thumba ngati khoswe, makamaka pa nyimbo.

Tsiku lina akusankha nyemba pakhonde, akazi awo anafunsa mosawayang'ana.

"Atate ake Jemima, zimene akunena kuchigayo, n'zoona?"

"Nsanje, amake Jemima. Ndili wosauka ankati ndine woyera. Lero malata awapweteka maso."

"Yewo. Ndamva." Ndipo anakhulupirira ndi mtima wonse, monga ankakhulupirira zonse zotuluka pakamwa pa bambowa.

Lamulungu lotsatira, ulaliki utatha, abusa a Haswell anatsokomola kawiri nanena kuti chifukwa cha mphekesera, akulu agwirizana kuti a Mtonga ayambe apuma pa ukulu. Pamenepo amake Jemima ananyamuka ku mbali ya amayi, atavala bulauzi yoyera ya Umanyano, bungwe la amayi a mpingo, nakagwada kutsogolo.

"Abusa, bambowa ndadya nawo nkhwani wopanda mchere zaka zambiri. Ndikuwadziwa. Mutu ukundiwawa kuyambira dzulo. Atate ake Jemima, ndipempherereni pompano, onse aone."

Khomo linali lotseguka. Kunali kungovula jekete, kuiponya pansi, n'kunena zoona. A Mizeck anayang'ana a John, amene anali atapinda manja. Anayang'ana pawindo, pomwe galimoto inkawala pansi pa mtengo wa mango. Kenaka anaika dzanja pa duku la akazi awo.

"Atate wakumwamba, chiritsani mdzakazi wanu uyu, amake Jemima."

"Ayi," anatero mayiwo, mokweza kuti akumbuyo amve. "Akuti dzina ndi limene limapha. Tchulani langa lenileni, bodza lithere pano." Anakweza maso, akumwetulira. "Kapena munaliiwala?"

Amayi ena anaseka pang'ono. Mpingo wonse unkadikira, ukulu wa a Mizeck unali pa lilime.

"Chiritsani Tryphena," anatero.

M'thumba munakhala bata.

Ukulu anawabwezera tsiku lomwelo, a John n'kupepesa mwachibwibwi chawo. Pobwerera kunyumba mayiwo ankayenda ngati mtsikana, akukodola mwana wawo. "Jemima, wamva mmene atate ako alitchulira? Ngati masiku aja ankandidikira pachitsime."

Lolemba m'mawa galimoto inathamanga ku Lukusuzi mpaka nkhuku za m'njira kutsala nthenga zokha. A Mizeck anagwada pa fumbi.

"Tengani chigayo, tengani galimoto, tengani ine."

Friday sanasiye kusenda mtedza. "Kanyanga kali ndi njala simunabwere, adada. Mwabwera katakhuta. Komanso ndinakukakamizani ine? Pakamwa mpanu."

Lachitatu dzuwa litakwera, amake Jemima akusoka fodya m'chigafa, anati akhale pansi pang'ono. Anaitana amuna awo, nawagwira dzanja.

"Musadandaule, ndi mutu chabe. Chachikulu mwayera pamaso pa mpingo."

Amenewo anali mawu awo otsiriza.

Kumanda, abusa asanatseke buku, a Mizeck anang'amba jekete ija pakati, kanyanga n'kugwera pa dothi lofiira. Anaulula zonse, kuyambira agogo Steward. Zoona zimene zikanapulumutsa munthu Lamulungu anazinena bokosi lili kale pansi. Jemima sanalire mokweza. Anatola duku la amayi ake, nakwera ngolo ya amalume ake, osacheuka. Fodya wa chaka chimenecho anali wokongola kuposa zaka zonse, ndipo anaolera m'chigafa.

Zaka zotsatira, pamsika wa Lundazi pankayenda bambo wopanda jekete, mvula kapena mphepo. Akafika pa chitsa, kapena pa thumba la chimanga la munthu, ankaikapo dzanja, kutsinzina, n'kuyamba pemphero lokoma lija. Likafika pa dzina ankaima, n'kuyambiranso poyamba. Ogulitsa pamsika amatengera mayendedwe ndi mawu a wamisala aliyense kuti aseke, koma ameneyu palibe ankamuyeseza.

Abale, dyera silikhuta ndi alendo, limathera pa mphasa yako. Amene wapatsidwa nkhosa kuti aziwete asasirire khushoni la mnzake, ndipo akalakwa aulule khomo likadali lotseguka. Ulemu wa pa mpingo umene umaugula ndi bodza, amaulipira ndi munthu amene amakukhulupirira kuposa onse.