Nang'omba za Sibongile

Anakumana pa siteji ya Nsipe. Aliyense maso anali kumsewu kudikira minibasi, koma Sibongile anali atakweza mutu, akusuzumira mumtengo ndi magalasi oonera patali amene agogo ake anabwera nawo kuchokera ku migodi ya ku Joni.

"Chiphadzuwa, mwataya chiyani kumwambako?" anafunsa Steve, mnyamata wotchena, dalaivala wa kampani yoyendetsa alendo.

"Sindinataye kanthu. Ndikuona mbalame."

Sibongile anadikira chiseko. Kwawo ku Bwanje ndani sankamuseka? Ali mwana ankati akamutuma kukaingitsa mbalame mumpunga, iye n'kumakaziwerenga! Mayi ake ankati mbalame ndi ndiwo basi. Koma Steve sanaseke, ndipo mtima wa mtsikanayo unagwera pomwepo.

Mauthenga anayamba kutsatizana pafoni.

"Njiwa yanga, wadzuka bwanji?"

"Ndikulonjeza, ndikakulankhulira kwa abwana. Iwe uzidzaperekeza alendo, ine ndili pachiwongolero, mpaka tidzakalambe."

Kuperekeza alendo okaona mbalame ndiyo ntchito imene Sibongile ankailota. Choncho Steve atapempha kope lake lolembamo za mbalame kuti abwana akaone luso lake, anapereka ndi manja awiri. Kope la zaka khumi ndi ziwiri! Munali zonse, ngakhale mlambe umene mumaswera nang'omba, mbalame zikuluzikulu zakuda, za mmero wofiira, zimene alendo amachita kuzilirira.

Miyezi inadutsa. "Abwana akuganizabe, wapamtima." Kenako foni inangoti zii.

M'mawa wina wa Okutobala, akupalasa njinga kuchokera kutchire, Sibongile anaona galimoto itaima pa mlambe uja. Alendo anayi anali chiimire, thukuta lili kamukamu. Patsogolo pawo panali Steve, kope lija lili m'manja, atalikuta mwatsopano n'kulembapo dzina lake. Mtsikana wina wovala mphete anali atamukolowekera mkono.

"Steve! Abwana aja ndi amenewa?"

"Ndani ameneyu, wokondedwa?" anafunsa mtsikanayo.

Steve sanaphethire n'komwe. "Woingitsa mbalame wa m'mudzi muno, Tracy. Usamulabadire."

Zinamupweteka Sibongile, zinamupweteka kwambiri. Misozi inalengeza m'maso. Koma alire pamaso pa mbala? Ayi ndithu!

Anayang'ana mlambe uja n'kumvetsa zimene zachitika. Tsamba limene Steve ankawerenga, Sibongile analilemba mu Januwale, nthawi ya dzinja nang'omba zikuswa. M'chilimwe zimachoka, zimakayenda pa lupsa, pomwe moto wadutsa, kutola ziwala ndi abuluzi. Zimenezi sanazilembe. Munthu amalemba njira ya kwawo ngati?

Anagoneka njinga pansi n'kutulutsa Chingerezi chake cha Folomu 4.

"Mukufuna nang'omba? Pano mudikira mpaka Khirisimasi. Zimitsani injiniyo, munditsate wapansi, osalankhula."

"Iwe Sibongile, usandichititse manyazi," Steve ananong'ona.

"Manyazi muli nawo inu?"

Anayenda theka la ola. Kuseri kwa chulu Sibongile anakweza dzanja, onse n'kuima. Pa lupsa, nang'omba zisanu zinali kuyenda monyang'wa, mimero ili psuu! Mayi wina wachikulire mwa alendowo anagwira pakamwa, makamera n'kuyamba kulira.

"Steve, si unauza adadi kuti kopeli unalemba wekha?" anafunsa Tracy.

Mayi uja anagwira Sibongile dzanja. "Mawa tikufuna inuyo, osati wina."

"Mundipeze pano dzuwa lisanatuluke," anatero Sibongile. "Malaya oyerawo muwasiye, amathawitsa mbalame."

Asanafike ndi kunyumba komwe, foni inalira.

"Njiwa yanga, ndinalakwa. Bambo ake a Tracy, abwana aja, andichotsa ntchito. Ndikubweretsera kope lako, tikambirane."

Sibongile anaima pamthunzi. Tsopano analira, analira kwambiri, pakuti mnyamatayo ankamukondadi. Kenako anapukuta nkhope ndi chitenje n'kulemba:

"Kopelo sungani, a Steve. Mbalame sizidziwa kuwerenga."