Mtengo Uli ndi Nkhope Ziwiri

Napenti anachedwa kuweruka chifukwa cha kamwana ka katumbu. Dzinali anamupatsa ndi anzake ogwira nawo ntchito kunkhalango ina yotetezedwa, poti ntchito yake, yomwe anali atangoyamba kumene, inali yopaka zizindikiro zachikasu pa mitengo kuti alendo oyenda m'tinjira asasochere. Kanyamako anakapeza m'bango m'mbali mwa nyanja, make atafera mu ukonde wotayidwa. Kanali kozizira, kakupumira m'mwamba. Anakalowetsa m'malaya, pakhungu penipeni, n'kuuyatsa ulendo wa kugeti, komwe kunkakhala amayi osamalira nyama zovulala. Ankadziwa kuti akachedwa, sikakafika kamoyo.

Mdima utagwa m'pamene anaona uchitsiru wake. Tsiku lonse anapaka mbali imodzi yokha ya mitengo, yoyang'ana munthu wopita. Wobwerera sanamuganizire. Safunsa anadya phula, ndipo mwana wamkaziyu sanafunse aliyense. Anayesa kumacheuka pa mtengo uliwonse, koma nkhungu inakwera kuchokera kunyanja n'kumeza zonse, ndipo pamphambano anatenga kanjira ka nyama.

Phazi linatitimira m'matope. Achule anakhala chete. Pachifuwa pake kanthu kaja kanasiya kugwedezeka.

Kenako fungo... fungo la penti wamuwisi!

Anakweza tochi. Bambo wachikulire anaima pa mtengo, chitini kumanzere, burashi kumanja, akupaka mosafulumira.

"Mtengo uli ndi nkhope ziwiri, mwananga," anatero osatembenuka. "Ina ya wopita, ina ya wobwera. Kapumireni mpweya wofunda kameneko, muzinditsata."

Napenti anali asanawauze za katumbu. Nanga anadziwa bwanji? Mantha anamugwira, koma anaweramira m'malaya n'kukauzira mpweya. Bambo aja anatsogola, akupaka mtengo ndi mtengo. Masamba ouma sankalira pansi pa mapazi awo. Anafika pa mlatho wamatabwa. Iye akaponda, kwe... kwe... Iwo akaponda, zii.

Nyali ya pageti itaoneka, Napenti anaiyang'ana, kenako anacheukira kwa bambo aja kuti athokoze. Panalibe munthu! Penti yekha ankatsetsereka pa khungwa.

Amayi aja sanafunse zambiri. Anafunditsa mkaka, n'kukakulunga kanyamako m'thaulo. Kanakana, kanakananso, kenako kanayamba kuyamwa kabotolo mwadyera. Napenti mtima unakhala pansi, ndipo anafotokoza za bambo a chitini, n'kubwereza mawu awo aja a nkhope ziwiri.

Dzanja la amayi linaima.

Anamuuza motsitsa mawu kuti amenewo ndi amuna awo, omwe analambula tinjira tonse ta m'nkhalangomo. Anagwa pa mlatho uja akufunafuna mlendo wosochera, mwendo unatupa osapolanso, ndipo anamwalira kalekale, iye Napenti asanamalize n'komwe sukulu. Amayiwo sanaoneke a mantha. Nkhope yawo inali ya munthu amene wamva uthenga wa m'bale wakutali.

"Tandiuza, mwananga, amatsimphina?"

"Ayi, amayi. Amayenda bwinobwino, ine ndimachita kuwathamangira."

Amayi anaseka pang'ono, misozi ili chuchuchu, n'kuipukuta ndi phewa poti manja onse anali pa kamwana ka katumbu.

"Basi, unapola mwendo uja," anatero. "Zaka zonsezi ndimangodandaula kuti akumvabe kuwawa."