Magazi Atsopano a Melvin

Lusubilo ankakhala ku Joondalup, tawuni ya pafupi ndi mzinda wa Perth. Iye ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti mlongo wake wamng'ono, Melvin, abwerere kunyumba.

Kale Melvin ankadzuka m'mamawa. Kale ankalumphalumpha pabedi la Lusubilo. Kale ankakwera limodzi sitima. Melvin ankabayibitsa magalimoto onse pawindo.

Koma tsopano m'nyumba munali zii. Nsapato za Melvin zinkangokhala pakhomo.

Melvin anali m'chipatala cha ana ku Perth. Thupi lake linkatentha. Mimba yake inatupa. Milomo yake inayera.

Adadi anabwerako pa ndege kuchokera kumgodi kumene ankagwira ntchito. Iwo anatenga Lusubilo kupita kuchipatala. Amayi anali komweko, pafupi ndi Melvin.

Dokotala Edda anakhala pansi pafupi ndi Lusubilo.

"Gwira mkono wako," anatero adokotala. "Umo muli fupa. M'kati mwa fupa muli mafuta. Mafuta amenewo amapanga magazi."

Lusubilo anagwira mkono wake.

"M'thupi mulinso asilikali. Ntchito yawo ndi kumeza tizilombo. Koma asilikali a Melvin asokonezeka. Akumeza maselo a magazi m'mafupa momwemo."

"Chifukwa chiyani?" anafunsa Lusubilo.

"Kwa ena, chimayambitsa ndi kachilombo. Kwa ena, ndi khansa. Melvin anabadwa ndi vutoli. Kachilombo kanangolidzutsa."

"Kodi ndinamupatsira ndine? Ndinali ndi chimfine."

"Ayi, mwanangu," anatero Amayi. "Palibe amene analakwa."

Melvin analandira mankhwala ambiri. Asilikali aja anafatsako. Koma Melvin ankafunika mafuta atsopano a m'mafupa.

Anayeza magazi a Adadi. Sanafanane. Anayeza magazi a Amayi. Sanafanane. Anayeza magazi a Lusubilo. Anafanana! Ndipo asilikali ake anali abwinobwino.

Lusubilo anayang'ana miyendo yake.

"Adadi, ndikamupatsa, mafupa anga akhala opanda kanthu?"

Adadi anamugwira dzanja. "Ayi, Lusu. Atengako pang'ono chabe. Ena abwereramo. Koma ngati ukuopa, tiuze."

"Ndikuopa," anatero Lusubilo.

Anayang'ana Melvin. Melvin anali gone. Koma anakweza chala chimodzi, n'kumubayibitsa Lusubilo.

"Ndikuopa, koma ndimupatsa."

Tsiku lija linafika. Madokotala anamugoneka tulo Lusubilo. Lusubilo sanamve kanthu. Podzuka, m'chiuno munkapweteka pang'ono. Amayi anamupatsa ayisikirimu.

Namwino anaika mafuta aja m'kathumba. Ankaoneka ofiira ngati magazi. Analowa m'thupi la Melvin pang'onopang'ono. Dontho, dontho, dontho.

Kenako anadikira. Anadikira masabata ambiri. Mvula ya dzinja inagwa. Mvula inatha. Maluwa anaphuka m'mbali mwa msewu.

Tsiku lina Dokotala Edda anabwera akumwetulira.

"Mafupa a Melvin ayamba kupanga magazi abwino!"

Amayi analira. Adadi anawomba m'manja. Melvin anabwerera kunyumba.

Nyengo yotentha itafika, onse anapita kupaki. Melvin anaona mbalame yoyera. Anaithamangitsa. Anathamanga, anathamanga, kenako phii! Anagwa.

Pabondo panatuluka timagazi. Amayi anathamanga mtima uli m'mwamba. Anapukuta bondolo. Posakhalitsa magazi anasiya kutuluka.

Melvin sanalire. Anayang'anitsitsa bondo lake. Kenako anayang'ana Lusubilo.

"Pepa, Lusu," anatero. "Ndataya magazi ako."

Adadi anaseka. Amayi anaseka mpaka misozi.

Lusubilo anagwada. Anauzira bondo la Melvin. Fuu, fuu!

"Si anganso," anatero. "Ndi ako tsopano. Tiye, dzuka. Mbalame ija ikuthawa!"