Khadi Loonekera la Kamphepo

Kamphepo anali kamtsikana kosakhazikika. Akamutuma, ankathamanga. Akamuitana, ankathamanga. Ngakhale popita kukagona, ankathamanga. N'chifukwa chake anamutcha Kamphepo.

Koma tsiku lina Kamphepo sanathamange. Anangokhala pakhomo, dzanja lili patsaya. Achemwali ake ankalongedza sutikesi. Masana omwewo ankapita kusukulu yakutali.

"Achemwali, nditengeni," anatero Kamphepo.

"Ndikuika pati, iwe? Musutikesi mwadzaza."

"Ndine wamng'ono. Ndikwana."

Achemwali anaseka. Koma maso awo anali ofiira.

Kamphepo anamva chisoni. Anaopa kuti achemwali akamuiwala. Anadzuka n'kupita kwa amalume ake. Anayenda pang'onopang'ono.

Amalume anali ndi kashopu kokonzera mabuku. Ankaboola mapepala. Ankawamanga pamodzi. Pamwamba ankaikapo chikuto cha pulasitiki. Pulasitiki yake inali yoonekera ngati galasi.

"Aa! Mphepo yaleka lero?" anafunsa amalume. "Chavuta n'chiyani, mphwanga?"

"Ndikufuna kupanga khadi la achemwali. Asakandiiwale."

Amalume anasuzumira pansi pa tebulo. Anatulutsa zidutswa ziwiri za pulasitiki.

"Zatsala ziwiri zokhazi," anatero. "Zinazo ndi za mabuku a eni ake."

Kamphepo anatenga chidutswa choyamba. Anachipinda pakati. Atachisiya, chinatambasuka. Anachipindanso. Chinatambasukanso.

"Chamakani ichi!" anatero Kamphepo.

"Chatengera iwe," anatero amalume.

Amalume anaika rula pakati pa pulasitiki. Anakanda mzere ndi msana wa sizasi. Kenako anapinda potsata mzerewo. Anatsindika ndi chala. Basi, khadi linaima lokha patebulo.

Kamphepo anatulutsa cholembera chake cha kusukulu. Anajambula nyumba. Anajambula mtengo. Anajambula amayi, amalume ndi galu. Anajambula mwaliwiro, monga mwa masiku onse. Atamaliza, anasisita khadi ndi dzanja.

Mayo ine! Nyumba inafufutika. Mtengo unafufutika. Amayi, amalume ndi galu anasanduka chibanga chimodzi chakuda. Dzanja la Kamphepo linali bii!

Kamphepo anayamba kulira.

"Usalire, mphwanga," anatero amalume. "Pepala limamwa inki. Pulasitiki simwa."

Amalume anapinda chidutswa chachiwiri. Anatulutsa cholembera chonenepa m'thumba la malaya.

"Ichi n'cholembera papulasitiki. Ukajambula, udikire. Usakhudze mpaka inki iume."

Nthawi yomweyo amayi anasuzumira pakhomo la shopu. Anali atasenza sutikesi ya achemwali.

"Kamphepo, ife tatsogola. Basi yatsala pang'ono kufika."

Kalanga ine, nthawi inali itatha! Panalibe nthawi yojambula nyumba. Panalibe nthawi yojambula mtengo. Kamphepo anajambula kamtsikana kamodzi kokha. Anakapatsa mutu waukulu. Anakapatsa miyendo yothamanga. Pansi pake analemba kuti, "Ndine."

Kenako anadikira.

Kudikira n'kovuta. Kwa Kamphepo, n'kovuta kwambiri. Zala zake zinkayabwa. Anazikhalira. Miyendo yake inkayabwa. Anaipiringiza kumwendo wa mpando.

"Yauma, amalume?"

"Sinaume."

"Nanga pano?"

"Sinaume."

Kamphepo anauzira pang'ono. Fuu! Fuu!

Amalume anakhudza pangodya ndi kachala. Anayang'ana kachalako. Kanali koyera.

"Yauma. Thamanga, Kamphepo!"

Ndiye mukanamuona! Kamphepo anathamanga. Anadutsa telala. Anadutsa wometa. Anadumpha ngalande. Amalume ankabwera m'mbuyo, ali wefuwefu.

Basi inali itafika kale. Achemwali anali ataima pafupi ndi chitseko. Ankayang'ana uku ndi uku.

"Achemwali! Khadi lanu!"

Kamphepo anapereka khadi ndi manja awiri. Kenako anayang'ana pansi. Anachita manyazi.

"Silokongola ayi," anatero. "Mulibe nyumba. Mulibe mtengo. Ndili ndekhandekha."

Achemwali anakweza khadi m'mwamba. Anatsinzina diso limodzi. Anayang'ana kudzera mupulasitiki.

"Wekhawekha? Tabwera uone."

Kamphepo anasuzumira. Ha! Kumbuyo kwa kamtsikana kaja kunkaoneka amayi enieni. Kamtsikana kanali kataima paphewa pawo.

Achemwali anasuntha khadi. Kamtsikana kanakwera pamutu pa amalume.

"Tsika msanga!" anatero amalume. "Dazi langa limaterera."

Onse anaseka. Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi.

Achemwali anasunthanso khadi. Kamtsikana kanali kakuthamanga padenga la basi.

"Waona?" anatero achemwali. "Ndikayang'ana msewu, uli pamsewu. Ndikakayang'ana kalasi, ukakhala m'kalasi. Ndikakayang'ana bedi langa, ukakhala pabedi."

"Ndiye kuti mukunditenga?"

"Ndikukutenga."

"Koma munati musutikesi mwadzaza."

"Sindikuika musutikesi. Ndikunyamula m'manja."

Woyendetsa basi analiza hutala. Achemwali anakumbatira Kamphepo. Anakumbatira amayi. Anagwirana chanza ndi amalume. Kenako anakwera n'kukhala pawindo. Anagunditsa khadi pagalasi.

Basi inanyamuka. Kamphepo anaona kamtsikana kake pawindo. Kanali pafupi ndi tsaya la achemwali. Kankapita nawo.

Kamphepo sanaithamangire basi. Anaima pakati pa amayi ndi amalume. Anabayibitsa ndi dzanja lake lakuda lija.

"Tiyeni kunyumba, amayi," anatero.

"Sukulira?" anafunsa amayi.

"Pang'ono," anatero Kamphepo. "Koma ndapita nawo."