Roketi Yopita ku Lirangwe

Duwa ankakhala ku Chileka, pafupi ndi bwalo la ndege. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Duwa anawasowa kwambiri Amayi ake.

Amayi anali ku Lirangwe. Agogo aamuna anathyoka mwendo. Amayi anapita kukawasamalira. Mwezi unatha. Mwezi wina unathanso. Amayi sanabwere.

Tsiku lililonse ndege zinkadutsa pamwamba pa nyumba. Duwa ankatuluka panja. Ankayang'ana kumwamba.

“Inu ndege, kodi mumadutsa pa Lirangwe?” ankafunsa.

Koma ndege ndi zamwano. Sizinkayankha.

Tsiku lina kunabwera Amalume a Goodson. Anachokera ku Joni. Anamubweretsera Duwa bokosi lalitali. Pabokosipo panali chithunzi cha roketi.

“Roketi yaikulu imapita kumwezi,” anatero Amalume. “Iyi ndi kamwana kake. Uilumikize wekha.”

Duwa anatsegula bokosi. Munali thupi loyera. Munali mphuno yosongoka. Munali zipsepse zinayi, ngati za nsomba. Munalinso kaambulera kofiira, kotsitsira roketi pansi.

Duwa ndi Ababa anakhala pakhonde. Ababa ankawerenga pepala la malangizo. Duwa ankamata ndi guluu.

Anamata chipsepse choyamba. Chinakhala bwino. Anamata chachiwiri. Chinakhala bwino. Anamata chachitatu. Aaa, chapendama! Duwa anachimatula. Anachimatanso. Guluu anamumata zala, koma sanasiye.

Patatha masiku atatu, roketi inaima yokha pakhonde.

“Ababa, imauluka ndi chiyani?” anafunsa Duwa.

“Madzi ndi mpweya,” anatero Ababa. “Tithiramo madzi. Tipopa ndi pampu ya njinga. Iwe ukakoka chingwe ichi, basi yapita.”

Duwa anapeza nzeru. Anang'amba pepala m'kope lake. Analemba kalata. Anaipinda kanayi. Anaiika m'mphuno mwa roketi, pafupi ndi kaambulera.

“Ababa, ku Lirangwe ndi mbali iti?”

Ababa analoza kumpoto. Duwa anapendeketsa roketi. Mphuno yake inaloza kumpoto komweko.

“Popanitu, Ababa! Ipite kwa Amayi!”

Ababa anagwada pafupi ndi Duwa.

“Mwana wanga, ku Lirangwe ndi kutali,” anatero. “Roketi iyi imangokwera, kenako imatsika. Komanso kuno sitingaiulutse. Ndi njira ya ndege ino.”

Duwa anayang'ana roketi. Anayang'ana kumpoto. Misozi inayamba kutsika.

“Ndiye kalata yanga sifika?”

Ababa anamupukuta misozi ndi malaya awo.

“Ifika,” anatero. “Loweruka roketi imeneyi ikwera minibasi.”

Loweruka m'mawa anakweradi minibasi. Ababa ananyamula pampu. Duwa anaika roketi pamiyendo. Anaigwira ndi manja awiri.

Kondakitala anaiona. Anaseka kwambiri.

“Abale, taonani kuno! Roketi kukwera minibasi! Mafuta atha eti, achemwali?”

Anthu onse anaseka. Duwa anasekanso, koma pang'ono. Maso ake anali pamsewu. Anadutsa Lunzu. Anadutsa minda. Anadutsa njinga zonyamula makala.

“Ababa, tafika?”

“Pang'ono.”

“Ababa, tafika?”

“Eya, tafika.”

Kuseri kwa nyumba ya Agogo kunali bwalo la mpira. Duwa anawagwira Ababa dzanja.

“Tisapange odi,” ananong'ona. “Iyambe kufika ndi kalata.”

“Chabwino, abwana,” anatero Ababa.

Ababa anaimika roketi pakati pa bwalo. Anathiramo madzi. Duwa anaima patali, chingwe chili m'manja. Ababa anayamba kupopa. Fwii! Fwii! Fwii!

“Usakoke msanga,” anatero Ababa. “Udikire ndichokepo. Ndiwerenga mpaka firii.”

“Ndamva, Ababa.”

Fwii! Fwii! Fwii!

Nthawi yomweyo, munthu wina anatulukira kuseri kwa nyumba. Ananyamula beseni la zovala. Anavala chitenje chobiriwira. Anali Amayi!

Duwa anaiwala roketi. Anaiwala kalata. Anaiwala kudikira.

“Amayiii!”

Duwa anathamanga. Koma chingwe chinali chidakali m'manja mwake. Chingwe chinakokeka.

Phwaaa!

Roketi inanyamuka. Madzi onse anawathira Ababa. Kumutu, kumaso, m'malaya, monse munanyowa.

Roketi inakwera. Inapitirira nyumba. Inapitirira mtengo wa mango. Inakwera, inakwera. Ana a pamsewu anakuwa. Agogo anatuluka ndi ndodo yawo.

Koma Duwa sanaone chilichonse. Nkhope yake inali m'chitenje cha Amayi.

“Duwa wanga! Wafika bwanji?” anatero Amayi. Anamukumbatira mwamphamvu. “Nanga icho n'chiyani kumwambako?”

Duwa anadzutsa mutu. Kaambulera kofiira kanali katatseguka. Roketi inkatsika pang'onopang'ono. Inatera m'munda wa nandolo.

Ababa anakaitola. Madzi ankawatsika m'ndevu.

“Odi kuno,” anatero. “Kwabwera kalata yanu, mayi.”

Amayi anatambasula kalata. Anawerenga mokweza.

“Amayi, ndakusowani. Mubwera liti? Ndine Duwa.”

Amayi anapukuta m'maso.

“Inenso ndinakusowa, mwana wanga,” anatero. “Tsiku lililonse ndinkakusowa. Taona, Agogo ako ayamba kuyenda. Amayi ako aang'ono a Maness abwera mawa kudzakhala nawo. Lero mugone konkuno. Mawa tipitira limodzi kwathu.”

“Mawa lenileni?”

“Mawa lenileni.”

Duwa anadumpha. Anadumphanso.

“Komatu roketi yako sunaione ikukwera,” anatero Agogo.

“Tiulutsenso!” anatero Duwa.

“Koma ulendo uno udikire firii,” anatero Ababa, akufinya malaya.

Ababa anathiranso madzi. Anapopanso. Kenako anathawira kutali kwambiri. Amayi anaseka mpaka kugwira m'mimba.

“Wani! Thuu! Firii!”

Duwa anakoka chingwe ndi dzanja limodzi. Dzanja linalo linagwira Amayi. Roketi inapita kumwamba, koma dzanja la Amayi sanalitaye.