Apongozi m'beseni la zochapa

Pali apongozi amene amalowerera za mchere ndi za nkhuni, ndipo amenewo munthu amangowapirira. Ba Regina a ku Mpanshya ankalowerera m'beseni la zochapa. Lachiwiri lina Felistus, mkazi wa mwana wawo Obby, anawapezerera kuseri kwa bafa atakweza panti wa Felistusyo m'mwamba, akumuunika padzuwa ngati akusankha nsalu pamsika. Kenako anamununkhiza. Felistus anabwerera chafutambuyo.

Chaka chachitatu cha ukwati chinali kutha popanda mwana, ndipo miyezi yonse inkayenda mofanana. Pakati pa mwezi Obby ankanyamula bulangeti n'kukagona ku nkhokwe masiku anayi kapena asanu, ati akawalala, akuba chimanga, achuluka. Akabwerera, pasanapite nthawi mawere a Felistus ankayamba kulemera ndi kuwawa. Ba Regina, amene maso awo sankaphonya kanthu, ankamufinya bere popanda n'kupempha komwe, n'kulengeza kuti mimba yaima. Msambo ukabwera, mudzi wonse unkamva kuti mtengwa wataya ina.

Loweruka ba Regina anaitanitsa ba Jessy, mlongo wa malemu bambo a Obby, kuti adzagamule zoti Felistus abwezedwe kwawo ku Chinyunyu. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, Felistus pamphasa, Obby pampando akukanda chala cha kuphazi.

"Mulamu, uyu mukazi amataya mamimba," anayamba ba Regina. "Mwezi uliwonse mawere yadzala, pasapite masiku, magazi. Ndiponso ali na matenda. Nimaona na maso yanga muvovala vake, vamadzi vonanda monga delele. Nikaona chabe nimauza mwana wanga kuti tenga bulangeti, ukagone kunja mpaka viume. Sembe si ine, sembe anamudwalitsa kudala."

Ananena zimenezi monyadira, akudzigunda pachifuwa. Felistus anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Ba Obby, kansi sanali akawalala?"

Obby sanadzutse mutu. Chala chija chinkamuyabwa kwambiri tsiku limenelo.

Felistus anagwada bwino monga mwa ulemu.

"Ba anti, ninapita ku kiliniki pa Chinayi, chifukwa na ine ninayamba kuganiza kuti ndine wodwala. Ba sista, anesi a kumeneko, ananipima, nilibe matenda yaliyonse. Vija vonanda, ngati ni voyera, vilibe fungo, siviyabwa, ati ni chizindikiro chakuti dzira lili pafupi kutuluka. Ndiye masiku yamene mukazi angatenge mimba. Mawere kuwawa pambuyo pake, ati ni thupi chabe likusintha mwezi ukayandikira, azimai ambiri amamvera so. Paokha sakutanthauza mimba." Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kuyang'ana apongozi ake m'maso koyamba chikwatiwire. "Amai, ine sininatayepo mimba. Siinalowepo. Pa masiku yamene inafunika kulowa, ndimwe munali kuchotsa mwana wanu munyumba."

Ba Jessy anayang'ana mlamu wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kulavula pansi.

"Mulamu, na imvi zonsezi, mumafukula vovala vamukati va mupongozi wanu? Ine mwaniitanira vonyansa ivi? Zaka zitatu mukulira mudzukulu, kansi ndimwe mukumupitikitsa!"

"Ninali kuteteza mwana wanga!" anakuwa ba Regina. Misozi inatsika, ndipo anathamangira m'nyumba mwawo n'kumenyetsa chitseko mpaka nkhuku zinabalalika.

Felistus anapita kunyumba kwake. Ankayembekeza kuti Obby abwera ndi manyazi, mwina agwada, mwina anena mawu amodzi opepesa. Obby anabweradi, koma nkhope ili ngwee, ngati munthu amene wauzidwa kuti feteleza wafika.

"Ndiye kuti zonse zili bwino, Feli. Manje masiku ayo yazabwera liti?"

"Yafika kale. Ni lelo na mailo."

Obby anamwetulira n'kukankha chitseko ndi chidendene, dzanja likupita kale paphewa la mkazi wake. Felistus analikutumula dzanjalo.

"Musanigwire. Zaka zitatu mwakhala mukumvera za thupi langa kuchokera mukamwa mwa amai anu. Munakhulupirira kuti nili na matenda, simunanifunse, simunanipeleke na kuchipatala komwe. Munali kungonama, mubwera mudya vakudya vanga. Pamene anali kunitcha wotaya mamimba munali zii. Lelo mwamva za dzira, mwakumbuka kuti muli na mukazi?"

"Feli, nakupapata, tizataya mwezi wina."

"Mwataya kale makumi atatu. Uyu nizautaya neka."

Anamanga zovala zake m'chitenje, natuluka. Ba Jessy anamuona akudutsa ndipo sanamuletse. Anangomuthandiza kusenza mtolo.

Felistus ankafuna mwana kuposa onse a pabwalo lija, ndipo analira njira yonse mpaka pamsewu waukulu. Minibasi ya ku Chinyunyu itanyamuka, anamva kaululu kakumulasa m'munsi mwa mimba, mbali ya kumanzere, kamene anesi anati akazi ena amakamva dzira likamatuluka. Anadziwa tanthauzo lake. Anagwira pamalopo ndi dzanja, kondakitala akumuyang'ana kuti aone ngati akufuna kutsika, koma iye anapukusa mutu kuti galimoto ipitirire.