Timapepala ta Lexon

"Ine chibadwire sindinakanidwepo," anatero Lexon akukupiza chikwama chopanda kanthu. "Timapepala mazana awiri, tonse psiti dzuwa lisanafike pamutu. Ku Old Town amachita kundilanda m'manja!"

Lexon anali mtsogoleri wa achinyamata pa mpingo wina ku Area 47. Loweruka lililonse gulu lake linkagawa timapepala ta uthenga wa Yesu, kenako n'kukumana kudepoti. Iye ankadzisankhira kumsika. Margret, mtsikana wa Fomu 3, ankamutumiza ku Area 12, kumipanda italiitali kumene galu amayamba kuyankha munthu asanatsokomole n'komwe. Chikwama cha Margret chinali chikadali chodzaza.

"Ine ndasiya, achimwene," anatero Margret. "Sabata yamawa musandiwerengere. Mageti khumi ndi anayi, osatsegula ndi limodzi lomwe. Mlonda uja, a Chitemwa, andibwezanso kachisanu."

"Ati bwanji lero?"

"Akuti, 'Iwe mwana, sutopa? Pepala lakolo ndilitani ine wosadziwa kuwerenga? Ukafuna udzandiwerengere wekha, koma lero ayi, bwana alipo.'"

Lexon anaseka mpaka kutsamira minibasi ya eni ake.

"Masabata asanu, nsapato kutha, phindu lake mlonda mmodzi woti nayenso wakuuza kuti lero ayi! Tiye ndikugulire tchipisi, ukaone kumene akatswiri timagwirira ntchito."

Anatsetserekera kumsika, Lexon patsogolo ngati mwini mzinda. Anaima pa chiwaya cha mayi wina wonenepa, dzina lake Fiona, amene atangomuona anasiya chipande.

"Abusa aang'ono! Mwabweranso?"

"Wamva?" Lexon anamugunda Margret ndi chigongono. "Mayi awa okha amatenga makumi asanu. Njala ya Mawu imeneyo."

"Eee, ndimatenga," anavomera mayi Fiona. "Nanga asisiwa sagawa? Chikwama chonsecho! Bweretsani kuno, ndikupepuzeni."

Margret anayamba kutsegula zipi, koma maso ake anagwera pa thebulo, pambali pa botolo la tsabola. Anaona mulu wa timapepala utatsikiziridwa ndi mwala. Anatseka zipi ija pang'onopang'ono.

"Pepani mayi, mapepala anga ali ndi mwini wake ku Area 12. Ndikukamuwerengera Loweruka."

"Si paja wasiya iwe?" anafunsa Lexon.

"Ndayambiranso."

Mayi Fiona sanadandaule. Anasolola kapepala kamodzi pamulu paja, n'kukapinda mwaluso ngati fanulo, n'kuthiramo tchipisi chamoto, kabichi pamwamba.

"Anu ndiye abwino, abusa," anatero akumupatsira Lexon. "Nyuzipepala imadetsa chakudya, koma awa ngolimba, sadontha mafuta. Anzanga onse a ziwaya mzere uno amakudikirani Loweruka. Kungoti sabata yamawa mubweretse okulirapo, awa akuchepera tchipisi cha anthu awiri."